Malipiro a ku Joni: Chifukwa Ninji Ena Akwera Msanga ndi Ena Atsalira?

Ambiri ayesa kuti malipiro a munthu akwera monga mwa kulemera kwa nchito yake. Koma mbiri ya South Africa, kumene amuna ambiri a dziko lino anapita ndi Wenela, iphunzitsa zina. Wokumba mgodi, wolima pa pulazi ndi wosesa m'nyumba onse akhetsa thukuta, koma malipiro ao sanakwere nthawi imodzi, kapena pa chifukwa chimodzi.

Zaka za kuima

Mphunzitsi wa za chuma Francis Wilson, m'buku lake la 1972, anasonyeza kuti malipiro a munthu wakuda m'migodi ya golide mu 1969, powalinganiza ndi mitengo ya zinthu, sanapose a 1911. Mu 1911 Mzungu analandira pafupifupi ka 12 kuposa wakuda, ndipo mu 1969 analandira ka 20.

Zifukwa zake zinali zitatu. Choyamba, mtengo wa golide unamangidwa pa madola 35 pa aunsi imodzi kuyambira 1934. Chachiwiri, eni migodi anapangana m'bungwe lao la Chamber of Mines kuti asapikisane polipira, ndipo analemba anthu onse kudzera m'mabungwe ao okha, monga Wenela. Chachitatu, anthu a m'dzikomo akakana malipiro ochepa nathawira ku mafakitale, kumene ndalama zinali zochulukirapo, Wenela anatenga ena ku Nyasaland ndi ku Mozambique, kumene msonkho ndi umphawi zinawakankha. Mu 1946 okumba migodi ananyanyala nchito napempha mashilingi 10 pa tsiku m'malo mwa awiri ndi pang'ono, koma apolisi anathyola sitalakayo mlungu usanathe.

Zaka za kukwera

Mu 1971 Amerika analeka kusinthanitsa dola ndi golide pa mtengo womangidwa uja, ndipo golide anakwera kufikira madola 850 mu January 1980. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi oposa 70 nafa. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kwao. Mu 1975 Mozambique nayenso anadzilamulira. Eni migodi anaona tsono kuti manja ochokera kunja angasowe tsiku liri lonse, ndi kuti sangakope anthu a m'dzikomo popanda kulipira bwino. Motero m'zaka khumi zokha malipiro a okumba golide anakula pafupifupi katatu. Nchito inali yomweyo, mdima ndi pfumbi zinali zomwezo. Chosintha chinali mtengo wa golide ndi kuperewera kwa anthu.

Mu 1982 kunabadwa bungwe la National Union of Mineworkers, mlembi wake ali Cyril Ramaphosa, ndipo mu 1987 linaimitsa migodi milungu itatu. Komabe njira imeneyi siinakhale yopanda maliro: pa 16 August 2012 apolisi anapha anthu 34 ku Marikana, amene anali kupempha R12,500 pa mwezi. Ndiponso migodi ya golide, imene inalemba anthu oposa 500,000 mu 1987, inatsala ndi anthu ngati 100,000 pofika 2019. Otsala analandira zambiri, koma ochotsedwa anachuluka.

Otsalira m'mbuyo

Anchito a m'mapulazi ndi a m'nyumba sanaone mwai wotere. Iwo amwazikana, mmodzi pano, asanu apo, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ambiri agona pa malo a bwana wao, kotero kuti kutaya nchito ndiko kutayanso denga. Malamulo oteteza anchito sanawakhudze kufikira zaka za m'ma 1990.

Chimene chinawakweza ndi lamulo la Boma. Othyola mphesa a ku De Doorns atanyanyala nchito mu 2012, malipiro otsikitsitsa a m'mapulazi anachoka pa R69 nafika pa R105 pa tsiku mu March 2013. Pa 1 January 2019 Boma linaika malipiro otsikitsitsa a dziko lonse pa R20 pa ola, koma a m'mapulazi linawapatsa R18, ndi a m'nyumba R15. A m'mapulazi anafanana ndi anzao mu 2021, a m'nyumba mu 2022.

Phunziro lake

Malipiro akwera pamene chotuluka m'nchitoyo chigulidwa bwino, pamene anchito aperewera, pamene alankhula ndi mau amodzi, kapena pamene lamulo liwaikira malire. Posowa zinai zonsezi, munthu akalamba pa malipiro a unyamata wake. Chifukwa chake womva kuti malipiro a dziko akwera afunse: a yani? Pakuti chiwerengero chosonkhanitsa onse chibisa wotsalira. Afunsenso ngati akwera kuposa mtengo wa ufa ndi nyumba.

Papa Leo XIII anaphunzitsa mu 1891 kuti wanchito akabvomera malipiro osakwanira chifukwa cha kusowa kapena mantha, kubvomerako sikuwasandutsa olungama. Chiphunzitso chimenechi sichiloza eni migodi okha. Chilozanso banja liri lonse lokhala ndi mtsikana wolera ana kapena mlonda wa usiku, amene alibe bungwe lomlankhulira.

Mafunso okambirana

1. M'dera lanu, ndi nchito ziti zimene malipiro ake akwera, ndipo ndi ziti zimene aima? Chifukwa ninji?
2. Kodi malipiro akakwera koma anchito nachepetsedwa, wapindula ndani?
3. Wolemba wanchito pa nyumba, anamkwezera liti malipiro, ndipo ufa unali pa mtengo wanji nthawi imeneyo?