Phunziro la Zaumoyo: Ubongo Nawo Umadwala, Ndipo Pali Anthu Amene Akuufufuza

Abale ndi alongo a mu kampu, ndikukupatsani moni kuchokera ku Fordsburg, mu mzinda wa Johannesburg. Ndisanabwere kuno ndinkakhala nanu, ndipo ntchito yothandiza anzanga othawa kwawo sindinaisiye.

Chaka chatha mnyamata wina amene ndinkagona naye chipinda chimodzi pafupi ndi Oriental Plaza anasiya kugona tulo. Chitseko chikangogunda ankadzuka thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga. Ena ankati walodzedwa, ena ankati ndi chamba. Inenso ndinachedwa kumuperekeza kuchipatala chifukwa choopa kuti amutchula wamisala. Titapita, anamwino anati ndi matenda obwera munthu akaona zoopsa monga nkhondo, ndipo amachizika. Zimenezi zinandichititsa kufunsa kuti: kodi nzeru zoterezi zimachokera kuti?

Mmene mabungwe anakulira

Mu 1961 akatswiri ofufuza za ubongo anakhazikitsa bungwe la dziko lonse lotchedwa IBRO. Kwa zaka zambiri kafukufuku wambiri ankachitikira ku Ulaya ndi ku America. Mu 1993 akatswiri a mu Africa anayambitsa bungwe lawo ku Nairobi, lotchedwa Society of Neuroscientists of Africa, mwachidule SONA. Mamembala ake amakumana pakatha zaka ziwiri zilizonse m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mu 2023 anakumana konkuno ku Johannesburg. Pa misonkhanoyi amauzana zimene apeza, amadzudzulana pamene wina walakwitsa, komanso amaphunzitsa achinyamata. Mutu umodzi susenza denga.

Odwala nawo sanakhale chete. Mu 1994 mayi Zane Wilson, amene anavutikapo ndi matenda a mantha aakulu, anayambitsa gulu limene lero limatchedwa SADAG. Gululi lili ndi manambala a foni aulere oimbirapo anthu amene ali ndi nkhawa kapena maganizo ofuna kudzipha.

Phindu lake kwa ife

Kafukufuku sachitikira kutali kokha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Dr. Terrie Taylor linajambula ubongo wa ana odwala malungo aakulu ndi makina a MRI. Mu 2015 linalengeza kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungowa amakhala kuti ubongo wawo watupa kwambiri, mpaka kupuma kumaima. Choncho mwana akatentha thupi n'kuyamba kukomoka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Chitsanzo china ndi khunyu. Bungwe la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera. Khunyu si ufiti ndipo sipatsirana, ngakhale mutakhudza malovu a wodwalayo.

Zoyenera kuchita

1. Munthu akagwa khunyu, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chofewa kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Zikapitirira mphindi 5, pitani naye kuchipatala.
2. Mnzanu akakhala masabata awiri osagona bwino, osadya, osafuna kucheza ndi anthu, khalani naye pansi mumumvetsere. Kenako muperekezeni kuchipatala cha mu kampu.
3. Wina akanena zofuna kudzipha, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Dziwitsani azaumoyo tsiku lomwelo.
4. Amene wayamba mankhwala asawasiye popanda kuuzidwa ndi dokotala, ngakhale akumva bwino.

Mnyamata uja tsopano amagona, ndipo wabwerera kuntchito yake yosoka zovala. Chimene chimandiwawabe ndi miyezi itatu imene ndinamuchedwetsa.

Pa 10 Okutobala dziko lonse limakumbukira tsiku la umoyo wa m'maganizo. Tisanafike tsikulo, kambiranani m'magulu anu funso ili: ndani m'dera lathu amene tamusala chifukwa cha matenda amene kuchipatala angathe kumuthandiza?