Zimene anapiye anandiphunzitsa za mapuloteni ku Kanengo

Sabata yatha mdzukulu wanga wa Fomu 3 anandipeza pakhonde kuno ku Area 25, kope la Biology lili m'manja, akuti agogo tandimvetserani. Anayamba kulakatula: primary, secondary, tertiary, quaternary, osapunthwa pena paliponse, ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. Nditamufunsa chifukwa chimene dzira lowiritsa silibwereranso kukhala lamadzi likazizira, pomwe mafuta a nkhumba amasungunuka ndi kugwirana kambirimbiri, anayang'ana kope, kenako anayang'ana ine. Sindinamuseke. Inenso ndinali wotero, ndipo umbuli wangawo unapweteka anapiye a eni ake. Zimene ndinamuuza tsiku limenelo ndati ndikuuzeninso inu ana anga a ku Mgona, Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 amene mukulimbana ndi phunziro lomweli.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu labotale ya fakitale ina yopanga chakudya cha nkhuku ku Kanengo. M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi pamodzi ndi khwimbi la anthu olowera ku mafakitale, ena ku okushoni ya fodya, ena ku nkhokwe zikuluzikulu za chimanga zija mumaziona muli patali. Ntchito yanga inali kuyeza kuchuluka kwa puloteni mu soya ndi chimanga. Njira yake ndi yakale, ya Johan Kjeldahl wa ku Denmark, ya mu 1883. Umaphika ufa pang'ono mu asidi waukali mpaka usungunuke, n'kuyeza nayitirojeni amene watsalamo, kenako n'kuchulukitsa ndi 6.25, poti pa magalamu 100 a puloteni, pafupifupi 16 ndi nayitirojeni. Ndinkaidziwa ntchitoyi ngati njira ya kwathu.

Tsiku lina makina okazingira soya anayamba kufooka, osafikitsa moto. Ine ndinayeza, nambala inatuluka bwino lomwe, ndinasaina, matumba anakwera magalimoto. Patapita masabata awiri alimi anayamba kubwera pageti. Mayi wina anafika ndi katoni, m'katimo muli anapiye ofwifwa, nthenga zili nyankhalala, kumbuyo kuli kodetsedwa ndi chitosi chamadzi. Amadya, koma osakula. Ine ndinatulutsa kaundula wanga kuti ndidziteteze, ndikuloza manambala. Mkulu wina wokalamba amene ankayendetsa makinawo, munthu woti sanapite patali ndi sukulu, anatapa soya pang'ono, anatafuna, analavula, n'kunena kuti, "Achimwene, soya uyu ndi wamuwisi." Safunsa anadya phula. Tinasakaniza ufawo ndi madzi a urea ndi kadontho ka phenol red, ndipo posakhalitsa timadontho tofiira tinabuka ponseponse.

Chimene chinachitika ndi ichi. Mu soya muli puloteni ina yaing'ono imene maumbidwe ake amakwanira ndendende pakamwa pa trypsin, enzaimu ya m'matumbo yogaya mapuloteni. Ikalowa pamenepo siichokanso, ili ngati kiyi wothyokera mu loko. Moses Kunitz ndiye anaipatula cha m'ma 1945 ku America. Mwanapiye akadya soya wamuwisi, chakudya chimangodutsa osagayika mokwanira, ndipo pancreas yake imatupa pofuna kupanga trypsin yochuluka. Ukakazinga soya, puloteni yotsekerezayo imamasuka mapindidwe ake n'kusiya kukwanira pakamwa paja. Nayitirojeni wake sapita kulikonse. Choncho nambala yanga ya Kjeldahl inali yofanana pa soya wamuwisi ndi wokazinga, pomwe wina ndi chakudya, wina ndi chipsinjo. Zofiira zija zinali chizindikiro choti urease, enzaimu ina ya mu soya imene imafa ndi moto wofanana, inali ikadali moyo.

Ndinaphunzira mochedwa kuti puloteni imagwira ntchito ndi maumbidwe ake. Mayina anayi mukulowezawo ndi masitepe a nkhani imodzi yomweyi, ndipo ngati simukuiona m'maso, mayinawo sakuthandizani.

Tengani ulusi mutungire mikanda. Mikanda yake ndi ma amino asidi, ndipo ilipo mitundu 20. Ndondomeko imene mwaitungira, uwu patsogolo uwu pambuyo, ndiyo primary structure, ndipo amene amailamula ndi DNA. Frederick Sanger anatha zaka pafupifupi khumi kuti awerenge ndondomeko ya insulin, mikanda 51 yokha, n'kumaliza mu 1955. Koma mikanda imeneyi si yagalasi ayi, uliwonse uli ndi khalidwe lake. Ina imakonda madzi, ina imadana nawo ngati mafuta. Ina ili ndi mphamvu ya positive, ina ya negative, zimakokana. Cysteine akakumana ndi cysteine mnzake amagwirana ndi mfundo yolimba ya sulfur. Ukauponya m'madzi ulusi wotere, sungakhale wowongoka. Mbali zina zimapotana ngati kachingwe kamene dzungu limagwirira pampanda, ndiyo alpha helix. Zina zimagona mondondozana mokhotakhota ngati lata, ndiyo beta sheet; ziwirizi ndizo secondary structure. Kenako ulusi wonse umadzikulunga ngati mpira wachikulunga, mikanda yodana ndi madzi kubisala m'kati, yokonda madzi kutsala kunja, ndiyo tertiary structure. Pakukulungana kumeneku pamatsala kamphako kamene kamangokwanira chinthu chimodzi. Ntchito yonse ya enzaimu ili pa kamphako kameneko. Zikulunga zingapo zikagwirana kuti zigwire ntchito limodzi, ndiye sitepe yachinayi ija.

Mukamvetsa zimenezi, funso la dzira lija layankhidwa kale. Moto suduladula ulusi, umangomasula timfundo tofooka togwira mapindidwe. Mikanda yodana ndi madzi imene inabisala imatulukira poyera, n'kumatirirana ndi ya puloteni yoyandikana nayo, ndipo zonse zimapiringizana moti sizingamasukenso. Pamayeso a MANEB musadzalembe kuti enzaimu "yaphedwa", ngakhale ine m'kamwa ndimatero. Siinakhalepo ndi moyo. Lembani kuti maumbidwe ake asintha, kamphako kaja kawonongeka.

Tsono musathamangire kuganiza kuti moto wochuluka ndiye mankhwala. Titakonza makina aja, mantha anatigwira, tinayamba kupyoza muyezo, soya n'kumatuluka wakuda ngati khofi. Anapiye anakananso kukula. Moto ukanyanya, lysine amamatirana ndi shuga ndipo thupi silingamugwiritsenso ntchito, pomwe lysine yemweyo ndiye tinkamufuna mu soya. Nambala ya Kjeldahl apanso inali phee, osasuntha. Ku China mu 2008 anthu osaopa Mulungu anapezerapo mwayi pa khungu la njira imeneyi: ankathira melamine, mankhwala odzaza ndi nayitirojeni, mu mkaka wosungunula ndi madzi kuti uoneke wa puloteni yambiri. Makanda pafupifupi 300,000 anadwala impso. Makina akakupatsani nambala, muzifunsa kuti kwenikweni ayeza chiyani. Ndi Biuret wa m'kalasi mwanu chimodzimodzi: mtundu wapepo uja umangokuuzani kuti pali mfundo zolumikiza ma amino asidi, osati kuti puloteniyo ikugwira ntchito kapena kuti ndi yabwino kudya.

Za lysine ndionjezepo pang'ono, chifukwa ndi nkhani ya m'mbale mwanu. Pa ma amino asidi 20 aja, 9 thupi la munthu silipanga, liyenera kuwapeza m'chakudya. Chimanga chili ndi puloteni ndithu, koma ndi yosauka pa lysine ndi tryptophan. Nyemba, soya, nandolo ndi khobwe zili ndi lysine wambiri koma zimaperewera methionine, amene chimanga chili naye. Selo ikamatunga mikanda, mtundu umodzi ukatha ntchito imaima, ngakhale ina itadzaza lichero. Nsima ya nyemba ndi ukwati wanzeru. Likuni Phala, amene dzina lake linachokera ku Likuni kuseri kwa Chinsapo komweko, ndi nzeru yomweyo: chimanga chochuluka, soya wokazinga pang'ono. Mawu oti wokazingawo tsopano mukudziwa kulemera kwake. Koma chenjerani, si poizoni aliyense amene ndi puloteni. Chuku cha mu mtedza chimene amayi osankha mtedza ku Mgona amalimbana nacho chimatulutsa aflatoxin, ndipo ameneyo ukazinge bwanji sachokeratu, poti alibe mapindidwe oti moto umasule.

Labotale yabwino kwambiri imene muli nayo ndi khitchini ya mayi anu, ndipo salipiritsa. Mukaonetsetse akamaphika thobwa. Phala likapsa sathira chimera pomwepo. Amaliphula, amadikira lizizireko, amaliyesa ndi chala. Akathira chimera, phala lolimba lija limayamba kusungunuka ndi kutsekemera. Ndi amylase wa m'mbewu zomera amene akuduladula sitachi kukhala shuga. Athire phala likubwata, thobwa silitsekemera. Athire litazizira kwambiri, ntchito iyenda mwaulesi. Galafu ya optimum temperature imene mumajambula m'kope ili pa chala cha mayi anu. Mkaka ukasanduka chambiko, ndi asidi amene wachotsa mphamvu yokankhana pa casein, ndiye yaundana. Mang'ina amafuna kuwiritsa maola ambiri chifukwa collagen ndi maulusi atatu opotedwa ngati chingwe cha khonje. Akamasuka, msuzi wake ukazizira umagwirana n'kumanjenjemera. Ngakhale fodya amene amadzaza Kanengo ndi fungo nyengo ya malonda: wa bale amauma pang'onopang'ono m'chigafa, maenzaimu ali ndi nthawi yonse yomusandutsa wofiirira, pomwe wa m'balani, akangofika pa chikasu, mlimi amakweza moto kuti awaimitse, mtundu ukhale pomwepo.

Wina angati mkanda umodzi pa mikanda mazanamazana uli ndi ntchito yanji. Pitani ku Kamuzu Central Hospital mukaone ana odwala sickle cell. Haemoglobin, imene imanyamula okosijeni m'magazi, ili ndi maulusi anayi, awiri a mikanda 141, awiri a mikanda 146. Pa ulusi wa 146 uja, pamalo achisanu ndi chimodzi, pamayenera kukhala glutamic acid, wokonda madzi. Mwa ana amenewa pali valine, wodana ndi madzi, ndipo ali kunja, poyera. Okosijeni akachepa, valine uja amafuna pobisala, amamatirira pa haemoglobin yoyandikana nayo, iyonso pa inzake, mpaka zimapanga timitengo touma timene timakhotetsa selo ngati chikwakwa. Maselo otere amatsekereza timitsempha, mwana n'kumalira ndi ululu wa m'mafupa usiku wonse, achibale ena n'kumaloza agogo osalakwa kuti ndi mfiti. Linus Pauling ndi anzake anaonetsa mu 1949 kuti vuto lili mu puloteniyo, ndipo Vernon Ingram anaupeza mkanda wolakwikawo mu 1957. Amene anatengera jini imeneyi kwa kholo limodzi lokha sadwala, ndiponso malungo aakulu samugwetsa msanga. N'chifukwa chake jiniyi siitha kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno. Mukafuna funso limodzi loti muyeserepo masitepe anayi onse aja, ndi limeneli: yambani pa mkanda, mukathere pa mwana ali pabedi.

Chipatala chonse n'chodzaza ndi nkhani yomweyi. Kachida koyezera malungo ndi kadontho ka magazi kali ndi ma antibody amene amagwira puloteni ya kachilombo yotchedwa HRP2. Dolutegravir wa mu ma ARV amakhala pa kamphako ka integrase, enzaimu imene HIV imalowetsera uthenga wake mu DNA ya munthu. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi linali dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana pa 23 April 2019, ndi kachidutswa ka puloteni ya pakhungu la kachilombo, koti thupi lizolowere maonekedwe ake. Kaya mudzapita ku Bunda, ku KUHeS, ku Chitedze kapena mu fakitale ngati ine, zimenezi mudzazipeza zikukudikirani.

Chimodzi chokha ndimakuchitirani nsanje. Max Perutz anatha zaka zoposa 20 kuti aone maumbidwe a haemoglobin. Ife tinkangoona kachithunzi kofufutika m'buku limodzi logawana anthu asanu. Lero pa intaneti pali Protein Data Bank, yaulere, ndipo pulogalamu ya AlphaFold, imene eni ake analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2024, inalosera maumbidwe a mapuloteni oposa 200 miliyoni. Bando imene mumathera pa TikTok madzulo amodzi ikukwanira kuti mutsegule haemoglobin, muizungulitse ndi chala, mupeze malo achisanu ndi chimodzi aja. Komabe musaiwale mkulu wotafuna soya uja. Kompyuta imalosera, koma wotsimikiza ndi mwanapiye.

Mdzukulu wangayo ndamupatsa ntchito, inunso muichite Loweruka likubwerali. Pemphani phala kwa mayi anu, muligawe m'makapu atatu. Mu yoyamba thirani supuni ya chimera phala likadali lobwata, mu yachiwiri likakhala lofunda loti chala n'kupirira, yachitatu musathiremo kanthu. Dikirani ola limodzi, mutakase, mulawe, mulembe zimene mwaona musanatsegule buku. Lolemba mukapite nazo kwa aphunzitsi anu a Biology.