Katemera wa malungo: mwana amalize kanayi konse

Pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu m'boma la Lilongwe, Malawi linakhala dziko loyamba kubaya ana katemera wa malungo wa RTS,S pasikelo. Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Ku Malawi inali ntchito yoyesera m'maboma 11 kumene malungo amasautsa kwambiri, monga Karonga, Mangochi, Machinga, Chikwawa ndi Nsanje. Bungwe la WHO linavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, ndipo m'madera oyesera a m'mayiko atatuwa imfa za ana a msinkhu wa katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse.

Mwana amabayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7, kenako 22. Katatu koyambako makolo ambiri sajomba, chifukwa mwana amakhala akadali kumsana ndipo kusikelo mumapita mwezi ndi mwezi. Vuto lili pa wachinayi. Pofika miyezi 22 mwana akuthamanga pabwalo, mwina mayi ali ndi pakati kapena khanda lina, kumunda ntchito yachuluka, kabuku ka kusikelo kaiwalika m'chikwama. Komatu mphamvu ya katemera imachepa pakapita nthawi, ndipo wachinayiyo ndiye amaibwezeretsa.

Chimene chimatipweteka ife alangizi a zaumoyo n'chakuti amene amaphonya kawirikawiri ndi ana a kutali ndi chipatala, a kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza m'dzinja. Mwana wotereyu akadwala malungo aakulu usiku, kukomoka kapena kutha magazi, njinga siifika naye msanga. Katemera amamufunikira kuposa wa pafupi ndi msewu. Abambo, ulendo wa kusikelo ndi wanunso: kwezani mwana panjinga mayi akatanganidwa. Agogo amene mukulera zidzukulu, muonetseni mlangizi wa zaumoyo kabukuko akuuzeni tsiku. Ngati miyezi 22 inadutsa, pitani nayebe.

Mwana akatentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayapo musade nkhawa, zimatha pa masiku ochepa. Zikapitirira, bwererani naye kuchipatala.

Katemerayu satchinga malungo onse. Mwana azigonabe m'masikito usiku uliwonse. Akatentha thupi, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo kuchipatala kapena kwa mlangizi wa chipatala cha m'mudzi, ndipo akapatsidwa mankhwala a malungo a LA amalize masiku atatu onse ngakhale ayambe kusewera pa tsiku lachiwiri.