Phunziro: Chiweto Chikayamba Kudzandira, Funsani za Mtundu ndi Chakudya

Ku Benga anthu saweta akavalo, koma matenda ena a nyamazi ali ndi phunziro kwa mlimi aliyense wa nkhuku ndi mbuzi m'mbali mwa nyanja muno.

Matenda a akavalo

M'chaka cha 1977, akatswiri a pa yunivesite ya Cornell ku America anafotokoza za matenda otchedwa EDM, amene amawononga pang'onopang'ono mitsempha ya mu msana ndi ya m'munsi mwa ubongo. Kawirikawiri amaonekera mwa kavalo wamng'ono, wosakwana zaka ziwiri. Mwana wa kavalo amayamba kudzandira, kukoka mapazi pansi ndi kuima motangadza miyendo. Matenda ofanana nawo anapezekanso mwa mbidzi zosungidwa mumpanda.

Kafukufuku waonetsa kuti pamafunika zinthu ziwiri kuti matendawa abuke: chofooka chotengera kwa makolo, ndi kuperewera kwa vitamini E pamene chiweto chikukula. Vitamini ameneyu amateteza mitsempha kuti isawonongeke. Amapezeka kwambiri mu msipu wauwisi, ndipo amachepa udzu ukauma ndi kukhalitsa. Mitsempha ikawonongeka sibwereranso mwakale, choncho chitetezo chimaposa mankhwala.

Phunziro loyamba: chakudya

Vuto lofanana ndi ili limagwira anapiye otsekeredwa m'khola, makamaka a masiku pakati pa 15 ndi 30. Mwanapiye wosowa vitamini E amadzandira, amapinda khosi, amagwa cham'mbali n'kumaphupha miyendo.

Apa alimi a ku Benga ayenera kusamala. Ambiri amasakaniza okha chakudya cha nkhuku pogwiritsa ntchito madeya ndi zinyenyeswa za usipa kapena matemba. Nsomba ndi chakudya chabwino chomanga thupi, koma mafuta ake akakhalitsa pamalo otentha amasasa, ndipo mafuta osasa amawononga vitamini E. Madeya okhalitsa amachitanso chimodzimodzi. Motero mlimi asakanize chakudya chokwanira masiku ochepa, achisunge pouma ndi pozizira, ndipo ataye chilichonse chimene chayamba fungo lachilendo. Nkhuku zipatsidwenso masamba auwisi monga bonongwe, chisoso ndi kholowa.

Mbuzi ndi ng'ombe nazo zimavutika kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, pamene tchire lauma kapena lapsa. Zabere ndi zoyamwitsa ndizo zoyenera kuyamba kulandira masamba auwisi a kudimba.

Phunziro lachiwiri: mtundu

Chofooka cha kumtundu chimatha kubisala mwa tonde wooneka wamphamvu, n'kudzaonekera mwa ana ake akakwerana pachibale. Magulu olandira mbuzi zopatsirana azisinthana atonde ndi midzi ina tonde asanayambe kukwera ana ake omwe. Chiweto chimene chabereka ana olumala kapena odzandira mobwerezabwereza chisasungidwe ngati mbewu.

Chenjezo

Kudzandira kuli ndi zifukwa zambiri, ndipo zina n'zoopsa. Chitopa chimapindanso makosi a nkhuku, koma chimafalikira msanga ndi kupha zazikulu zomwe. Chimapewedwa ndi katemera, osati ndi chakudya. Mbuzi, ng'ombe kapena galu wodzandira, wotuluka dovu ndi wosintha khalidwe akhoza kukhala ndi chiwewe, chomwe chimaphanso anthu. Chiweto chotere chisagwidwe kukamwa, chisaphedwe kuti chidyedwe, ndipo chisagulitsidwe pamsika.

Mlimi akaona zizindikirozi apatule chiwetocho, akumbukire msinkhu wake, chakudya chimene chakhala chikudya ndi makolo ake, kenaka adziwitse mlangizi wa ziweto wa m'dera lake tsiku lomwelo. Mayankho a mafunso atatu amenewa ndiwo adzathandize mlangizi kudziwa ngati vuto lili m'chakudya, m'magazi, kapena ndi mliri wofunika kuchenjeza mudzi wonse.