Usanagule chimbale cha Monk, chitembenuze

Mphwanga, akuti wapeza chimbale cha nyimbo zosankhidwa za Thelonious Monk, ndipo ukufunsa ngati n'chabwino. Ine ndinatayapo ndalama pa zoterezi, ndiye tchera khutu. Chithunzi cha pachikuto chisakukope. Tembenuza, uwerenge timalemba takuseri tija.

Yamba ndi zaka. Monk anajambula nyimbo ku Blue Note kuyambira 1947 mpaka 1952, kenako ku Prestige, kenako ku Riverside kuyambira 1955, n'kusamukira ku Columbia mu 1962. Kampani ikamati yasonkhanitsa nyimbo zabwino koposa, kawirikawiri yangotapa m'nkhokwe yake yokha, poti za m'nkhokwe ya mnzake n'zolipira. Chimene ndinagula ine chinali cha Columbia yokhayokha. Kukoma kunalipo ndithu, Charlie Rouse akuliza saksofoni osaphonya phazi la Monk. Koma ndinatha zaka ndikudzitama kuti Monk ndimamudziwa, pomwe "Brilliant Corners" ya 1956, imene ali ndi Sonny Rollins, ndinali ndisanaimvepo. Nyimbo imeneyo inawatulutsa thukuta oyimba, mpaka woyang'anira kujambulako, Orrin Keepnews, anachita kulumikiza zidutswa za maulendo angapo kuti ituluke yathunthu. Ulemu wanga unatha tsiku limene mnyamata wina anandifunsa za iyo pagulu.

Dzina la nyimbo nalo limanyenga. "'Round Midnight" ya 1947, ali ndi gulu, si yofanana ndi ya 1957 imene akuliza piyano yekha, akukayikakayika dala pakati pa mawu ngati munthu woyenda mumdima m'nyumba yake yomwe. Chimbale chimene sichikuuza chaka, ndi amene anali pa besi ndi pa ng'oma, chinasonkhanitsidwa ndi munthu amene sanamvere. Mu jazz, woliza piyano amasintha malinga ndi anzake amene wakhala nawo tsikulo.

Utali wa nyimbo uuyang'ane mwanzeru. Za ku Blue Note zambiri n'za mphindi zitatu basi, ndipo palibe anazidula: mbale za 78 rpm za nthawiyo zinkangokwana zomwezo mbali imodzi. Koma ukaona nyimbo ya m'ma 1960 ikuzimiririka woliza saksofoni ali mkati molankhula, dziwa kuti lumo lapitapo kuti nyimbo zichuluke pachikuto.

Zikakhala bwino zonsezi, chiyike, ukhale pansi, foni patali, usadumphe nyimbo ngakhale imodzi. Wosankha waluso amakuyendetsa kuchokera kwa Monk wachinyamata kufika kwa wamkulu, n'kumva wekha mmene nyimbo imodzimodziyo inakhwimira m'manja mwake. Wosasamala amangounjika zothamanga zonse kumayambiriro, za m'holo ndi za mu situdiyo pamodzi, mawu apa okwera apa otsika, mpaka dzanja limatopa ndi kupotokola wailesi.

Loweruka ubwere nacho. "Brilliant Corners" ndinaigula pambuyo pake, tidzayamba ndi imeneyo.