Khofi wa M'mapiri a Ntchisi

Dera la Mfumu Kasakula lili m'mapiri a m'boma la Ntchisi. Kumeneko n'kozizira ndipo kumagwa mvula yokwanira. Malo otere ndiwo amayanjana ndi khofi.

Khofi anafika muno m'Malaŵi m'chaka cha 1878. Jonathan Duncan ndiye anabwera ndi mbande zake kuchokera ku Edinburgh nadzazibzala pa mishoni ya Blantyre. Lero alimi a minda ing'onoing'ono amalima khofi ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi ku Ntchisi.

Mtengo wa khofi umayamba kubereka patapita zaka zitatu. Zipatso zake sizipsa nthaŵi imodzi, motero mlimi amathyola zofiira zokhazokha, chimodzichimodzi, nasiya zobiriŵira. Tsiku lomwelo amapita nazo ku makina ochotsa makoko. Kenaka njere zija amazivundika, nazitsuka, naziyanika pathandala.

Mlimi waphuma amasakaniza zakupsa ndi zaziŵisi, ndipo khofi wake amagulidwa pamtengo wotsika. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso
1. Kodi khofi amayanjana ndi malo otani?
2. Chifukwa chiyani mlimi amasiya zipatso zobiriŵira?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi womwe uli m'nkhaniyi.