PHUNZIRO 6: MUNTHU ABISALA, MULUNGU AMFUNAFUNA

Powerenga: Genesis 3:1-21 ndi Aroma 5:12-19
Vesi loloweza pamtima: Aroma 6:23
Cholinga: Kuti ana adziwe kuti tchimo lili mumtima mwa munthu aliyense, kuti palibe amene angalichotse yekha, ndiponso kuti Mulungu watipatsa Mpulumutsi, ndiye Yesu Khristu.

MAU KWA INU APHUNZITSI

Mukawafunsa ana kuti tchimo nchiyani, adzakuyankhani msanga: kuba, kunama, kutukwana, kumenyana. Mayankhowa ngoona, koma ndi masamba chabe, muzu sanautchule. Ana ambiri, ngakhale akulu ena mumpingo, amaganiza kuti wochimwa ndi uja wagwidwa, kapena uja waimitsidwa pa Mgonero. Amene sanagwidwe amadziyesa wolungama. Mwana wotere akakula sadzaona chifukwa chofunira Yesu, pakuti munthu wosamva ululu sapita kuchipatala.

Pamene ndinali kuphunzitsa Sitandade 3, tsiku lina ndinapeza botolo la inki litasweka pansi pa tebulo langa. Nditafunsa, kalasi yonse inangoti zii. Koma mnyamata wina anali atapisa manja m'matumba, osafuna kundiyang'ana. Nditamuuza kuti atulutse manjawo, zala zonse zinali bii. Anali atayesa kuzipukuta ndi masamba, koma inki ija inangofalikira. Mau ake oyamba anali akuti, "Aphunzitsi, wandikankha ndi mnzangayu." Tsiku limenelo ndinaona Genesis 3 m'kalasi mwanga: kubisa, kudzipukuta, ndi kuloza wina chala. Palibe anamphunzitsa mwanayo zimenezi. Anabadwa nazo, monga ine ndi inu.

KUFOTOKOZA NKHANI

1. Tchimo liyamba mumtima. Mulungu analenga Adamu ndi Hava ali abwino. Anawaika m'munda wa Edene, nawalola kudya zipatso za mitengo yonse kupatula umodzi. Sanali ndi njala ai. Njoka inayamba ndi kuwakayikitsa mau a Mulungu, kenaka inawalonjeza kuti adzafanana naye. Onetsani ana kuti tchimo linali litalowa kale dzanja lisanathyole chipatso. Linalowa pamene munthu anaganiza kuti Mulungu akummana chabwino, nafuna kudzilamulira yekha. Choncho tchimo ndiko kusakhulupirira Mulungu ndi kusamvera lamulo lake. Tichimwa pochita chimene watiletsa, tichimwanso posachita chimene watilamula.

2. Tchimo libala manyazi, mantha ndi udani. Atadya, anasoka masamba a mkuyu kuti adzibise nawo. Atamva Mulungu akubwera, anathawira pakati pa mitengo. Atafunsidwa, Adamu anakankhira mlandu kwa mkazi wake, natchulanso Mulungu amene anampatsa mkaziyo. Hava anakankhira kwa njoka. Palibe anavomera kuti walakwa. M'mutu wotsatira, mwana wao Kaini akupha mbale wake Abele. Onani m'mene tchimo likulira msanga.

3. Tchimo lafikira anthu onse. Paulo aphunzitsa pa Aroma 5 kuti tchimo linalowa m'dziko mwa munthu mmodzi, ndipo linabwera ndi imfa, imene yafikira onse. Davide avomereza pa Salmo 51:5 kuti anali wochimwa chibadwire. Ambuye Yesu pa Marko 7:21-23 anena kuti zoipa zituluka m'kati mwa munthu. Kasupe akavunduka, madzi onse a mumtsinje adzakhala amatope.

4. Mulungu ndiye ayamba. Apa ndi pamtima pa phunziro lathu, ndipo musapathamangire. Adamu sanafunefune Mulungu. Mulungu ndiye anamuitana, namfunsa kumene anali (vesi 9). Sanafunse chifukwa chosadziwa, koma anali kumpatsa mpata wotuluka. Chilango chinaperekedwadi, pakuti Mulungu ngwoyera ndipo salekerera tchimo. Koma pakati pa chilangocho pali lonjezo: wobadwa mwa mkazi adzaphwanya mutu wa njoka (vesi 15). Ndipo asanawatulutse m'munda, Mulungu mwini anawaveka zovala za zikopa (vesi 21). Masamba a mkuyu amauma ndi kuthothoka. Chovala chokhalitsa chinachokera kwa Mulungu. Lonjezo lija linakwaniritsidwa mwa Yesu, amene anamvera pamene Adamu sanamvere, nasenza chilango chathu pamtanda, nauka kwa akufa.

NKHANI YOTHANDIZA: AUGUSTINE NDI ZIPATSO

Augustine anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero litchedwa Algeria. Mai ake, Monica, anali Mkhristu wopemphera. M'buku limene anavomerezamo machimo ake, Augustine afotokoza kuti ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anapita usiku kukagwedeza mtengo wa zipatso wa munthu wina. Anatenga zambiri, koma sanazidye kwenikweni. Anakaziponyera nkhumba. Kwao zinaliko zipatso zokoma kuposa zimenezo. Atakula anadzifunsa chimene anabera, napeza kuti chinamkomera ndi kuchita choletsedwacho, ndiponso kuchitira pamodzi ndi anzake.

Anabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387, ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wa ku Hippo kufikira imfa yake mu 430. M'masiku ake munthu wina wochokera ku Britain, dzina lake Pelagius, anaphunzitsa kuti mwana sabadwa ndi tchimo la Adamu, ndipo munthu atafunitsitsa angathe kusunga malamulo a Mulungu. Augustine anatsutsa kolimba, ndipo msonkhano wa mpingo ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitsocho.

Aphunzitsi, chenjerani. Chiphunzitso cha Pelagius chimalowa m'kalasi mwathu ife osadziwa. Pamene tiuza ana kuti, "Khalani ana abwino kuti mukalowe kumwamba," tawapatsa masamba a mkuyu. Katekisima wa Heidelberg, wolembedwa ku Germany mu 1563, ali ndi mafunso 129 m'zigawo zitatu: choyamba za tchimo ndi tsoka lathu, chachiwiri za chipulumutso, chachitatu za kuthokoza. Ntchito zabwino zili m'chigawo chachitatu. Timamvera chifukwa tapulumutsidwa, osati kuti tigule chipulumutso.

KAPHUNZITSIDWE

Bwerani ndi bango kapena chisononkho cha chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe, chimene kunja chikuoneka bwino. Ana achione, achigwire, kenaka chithyoleni pamaso pao. Afunseni ngati kuchitsuka kunja kungachikonze.

Ana aang'ono asimbireni nkhani ya m'munda mokha, ndipo muwathandize kuchita kasewero ka kubisala ndi kuitanidwa. Ana okulirapo awerenge okha Aroma 5:12-19, nalembe pabolodi mbali ziwiri: chimene chinadza mwa Adamu, ndi chimene chinadza mwa Khristu.

Musatchule tchimo la mwana wina pamaso pa anzake, kapena la makolo ake. Ponena za ochimwa muziti "ife", osati "inu". Musawaopseze ndi moto kuti alire. Mantha ndiwo anathawitsa Adamu, koma mau a Mulungu ndiwo anamtulutsa. Dziwani kuti m'kalasi mwanu muli ana a mitundu iwiri. Wina amadziyesa wabwino chifukwa amaloweza mavesi ndipo sajomba. Wina ali ndi chinthu chimene wabisa, ndipo amaganiza kuti Mulungu sangamlandirenso. Woyambayo adziwe kuti akusowa Mpulumutsi. Wachiwiriyo adziwe kuti Mpulumutsiyo alipo, ndipo akumuitana. Nthawi ikachepa, fupikitsani zina, koma musatseke phunziro musanafike pa Yesu.

Mwana akatsalira kuti akuuzeni cholakwa chake, mumvetsereni mofatsa. Werengani naye 1 Yohane 1:9, pempherani naye, ndipo mumthandize kukapepesa kapena kubweza chimene anatenga. M'mera mpoyamba.

MAFUNSO

1. Kodi Adamu ndi Hava anali kusowa chakudya pamene anadya chipatso chija?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene anachita atachimwa.
3. Ndani anayamba kufunafuna mnzake, Mulungu kapena munthu?
4. Chifukwa ninji ntchito zathu zabwino sizingathe kuchotsa tchimo?
5. Kodi tikachimwa tiyenera kuthawira kuti?

PEMPHERO

Atate wathu woyera, tachimwa m'maganizo, m'mau ndi m'zochita, ndipo kawirikawiri tabisala pamaso panu. Tikuthokozani chifukwa simunatisiye kobisalako. Tikhululukireni chifukwa cha Yesu amene anatifera. Tipatseni Mzimu wanu kuti atipatse mtima watsopano wokonda kukumverani. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Musanapite kukaphunzitsa, werengani Salmo 51 muli nokha. Mphunzitsi amene watuluka kobisala kwake ndiye angathe kuonetsa ana njira.